Mayiko Khumi pa Khoma la Alamu

Lolemba, m'mawa

Khoma ndi langa! Alamu avomera. Ndikulemba izi nditakhala pa chitini cha penti, tiyi wazizira ndipo ndilibe naye ntchito.

Ndilembe bwinobwino mmene zayambira, kuopa kudzaiwala ndikadzatchuka. Alamu anga, achimwene awo a amake Tisa, ndi ahedi pa sukulu ina panjira ya ku Chiparamba. Sukuluyo yamanga mpanda watsopano wa njerwa, wopaka pulasitala, woyang'ana pa siteji pomwe anthu amadikirira maminibasi. Loweruka kuli tsiku la makolo, ndiye akufuna pakhomapo pakhale "chinachake chophunzitsa." Ndawauza kuti ndilembapo mayiko khumi amene anasintha dziko lapansi kuposa ena onse, kuyambira nambala wani mpaka teni, pa chithunzi cha makwerero. Anali pafoni. Agwedeza mutu. Kwa ine kumeneko ndiye kuvomera.

Zaka makumi awiri ndi zinayi ndikulemba zikwangwani muno mu Chipata. Zomwe ndalemba:

- MAZIRA ALIPO (kosawerengeka)
- TIMAMETA NDI KUTCHAJA MAFONI
- mtima wa munthu ndi misempha yake, pa sukulu zisanu ndi ziwiri, kukopera m'buku
- OSAKODZA PANO, m'mitundu yonse ya penti imene ilipo pansi pano

Mwa zonsezi mulibe liwu langa ngakhale limodzi. Mwini khoma amanena, ine n'kulemba.

Pa ukwati, pa maliro, pa chinkhoswe, alamu amandionetsa kwa anzawo ndi mawu amodzimodzi: "Awa ndi alamu anga, ali ndi manja abwino." Manja. Zaka zonsezi manja okhaokha, ngati mutu ndinausiya ku giredi naini pamodzi ndi yunifomu. Zimandiwawa. Ndinene poyera, buku lino ndi langa.

Loweruka zimenezi zitha. Pansi pa makwerero sindilemba "Wolemba" monga ndimachitira. Ndilemba WOGANIZA, kenako dzina langa.

Lolemba, masana

Ndili kwa a Yusufu, omwe ndimagulako penti kuyambira kale. Akufunsa: "Ya madzi kapena ya mafuta, bwana?" Ya mafuta, ndithu. Penti ya madzi ndi ya anthu okayikakayika, omwe mawa akhoza kusintha maganizo. Ine sindisintha.

Makwerero ndajambula, masitepe khumi, otambalala pansi ndi ochepa pamwamba kuti azioneka ngati akupita kutali. Mayiko asanafike n'komwe, ndalemberatu pansi WOGANIZA ndi dzina langa, penti yakuda, kupaka kawiri kuti ikhazikike. Ndikubwerera cham'mbuyo mpaka mumsewu kuti ndilione bwino. Minibasi yangotsala pang'ono kundigunda. Kondakitala wanditukwana, ine ndamuthokoza.

Lolemba, madzulo

Njira yanga yoyezera mayiko, yomwe ndaitulukira ndekha:

Zitini khumi zopanda penti, ndazindandalika pakhonde, chilichonse ndi dzina lake: Mangalande, Amereka, Jeremani, Falansa, Itale, Girisi, Igupto, Tchaina, Indiya, Japani. Chinthu chilichonse chomwe ndagwira, ndaona kapena ndagwiritsa ntchito, ndikufunsa kuti chinayambira kuti. Ndikapeza, njere imodzi ya mtedza m'chitini cha dzikolo. Chitini cholemera ndiye nambala wani. Palibe kukondera, palibe ndale.

Mtedzawo ndi chalimbana wa amake Tisa, wa mbewu, womwe akusungira munda wa ku Madzimoyo. Akuti: "Mubweze wonse mvula isanagwe. Ndauwerenga." Sanauwerenge. Koma ndikuwaopa.

Mangalande ikungokolola: Chingerezi, mpira, sitima, kuyenda kumanzere kwa msewu, suti yanga ya kutchalitchi, tiyi. Itale yalandira njere zisanu nthawi imodzi chifukwa cha zilembo za Aroma, poti ndi zomwe ndimadyera. Girisi yapeza ya mavoti. Amereka, ndege ndi intaneti. Njinga yandivuta, foni ikuti Jeremani, Falansa ndi Mangalande onse anaikapo dzanja. Ndaswa njere patatu. Chidutswa china chagwa pansi, nkhuku yadya.

Mangalande yatsogola patali. Ntchito yoganiza ndi yosavuta chonchi? Aphunzitsi amadandaula chiyani?

Lachiwiri, m'mawa

MANGALANDE, penti yofiira, sitepe ya pamwamba. Dzina n'lalitali ndipo sitepeyo ndi yaifupi, ndapanikiza zilembo mpaka N ndi D akupumirana. Komabe zakongola. Pofika teni koloko mayina onse khumi ali pakhoma.

Anthu apa siteji ayamba kusuzumira. Ndikunamizira kutsuka bulashi kuti ndimve.

Wa njinga ya kabaza: "Nanga Brazil ili kuti? Mudala uyu saonera bola?"

Mayi wina wa mwana kumsana: "Ni ma results a chani aya?"

Bambo wa tayi wawerenga kuchokera pamwamba mpaka pansi, wafika pa WOGANIZA, wayang'ana ine. Wagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sindikudziwa ngati kunali kutama, koma ndalandira.

Lachiwiri, masana

Vuto laling'ono. Mayi Zulu, omwe amagulitsa vitumbuwa pa sitejipo, andiitana. Atembenuza beseni lawo, atembenuza foni, avula patapata n'kundionetsa kunsi kwake. "Vonse ivi ni Tchaina. Manje imwe mwaiika nambala eyiti?"

Ndawafotokozera modekha kuti nkhani yanga ndi ya mbiri yakale, osati ya mumsika. Kuti ndiwatsimikizire ndatsegula foni pamaso pawo. Cholakwa chachikulu. Foni ikuti ku Tchaina ndiye kunayambira:

- pepala
- wonga wa mfuti
- kampasi yomwe inatsogolera zombo za azungu omwewo
- tiyi

Tiyi! Tiyi si wa Mngelezi. Ndaima ndi bulashi m'manja, penti ikudonthera pa nsapato. Ngakhale kapu yadothi yoyera ija, yomwe amake Tisa amatulutsa kukabwera abusa, nzeru yake ndi ya komweko.

Mayi Zulu andipatsa chitumbuwa chaulere. Ati ndikuoneka ngati ndalandira uthenga wa maliro.

Lachiwiri, madzulo

Ndasamutsa njere. Buku lililonse lomwe Mngelezi anatibweretsera linali pa pepala, ndiye pa njere iliyonse ya buku theka likupita ku Tchaina. Ndikuswa mtedza ndi lumo. Amake Tisa aima pakhomo, manja m'chiuno.

Tchaina yapitirira ndi njere zitatu ndi theka. Ndapalasa njinga kubwerera kusukulu dzuwa lisanalowe. Ndapaka yoyera pa MANGALANDE kuti ndilembe TCHAINA. Yofiira ija inali isanaume. Sitepe ya pamwamba tsopano ndi ya pinki.

Palibe kanthu. Ngakhale akatswiri amakonza kamodzi.

Lachitatu, m'mawa

Ndabwerera kwa a Yusufu kukatenga yoyera ina. Mbiri yawafika kale, akuti dalaivala wina wawaonetsa chithunzi pafoni. Makolo awo anachokera ku Mangochi, ndipo iwo ndi munthu wosakweza mawu, zomwe zimapangitsa kuti zikupweteke kwambiri.

"Bwana, manambala ali pa makwerero anu aja, wani mpaka teni, ndi a ndani?"

Ndati ndi a aliyense.

"Ndi a ku Indiya. Anawanyamula ndi Aluya kukawapatsa azungu. Popanda iwo makwerero anuwo bwenzi alibe woyamba kapena wotsiriza. Nanga Arabiya mwaibisa kuti?"

Aonjezanso kuti ziro naye ndi wa ku Indiya, ndi luso lopanga shuga wa mbuu. Ndiye tiyi ndi wa Tchaina, kapu ndi ya Tchaina, shuga ndi wa Indiya. Mngelezi watsala ndi supuni.

Funso lomwe likundizunguza mutu njira yonse: ziro ndimupatse njere zingati? Popanda iye foni siyenda, banki siyenda. Koma kupereka mulu wa mtedza kwa chinthu chomwe tanthauzo lake ndi "palibe" kukundivuta mumtima.

Ndikusangalala koopsa. Chibadwire sindinaganizepo chonchi. Mutu ukutentha ngati injini ya chigayo!

Lachitatu, masana

Pakhoma ndapeza anthu oposa makumi atatu. Ena asiya minibasi ziwiri zidutse. A Sakala, mkulu wa mpingo wathu, aima patsogolo ndi ambulera, akuloza.

"Igupto wa Farao alipo. Aroma omwe anapachika Ambuye alipo. Dziko lomwe kunabadwira Ambuyewo mulibe. Tikumanenso Lamulungu."

Masana omwe ano ndamva kuti a Sakala ndi a Yusufu, omwe sanagwirizanepo pa chilichonse chokhudza kumwamba, agwirizana kuti khoma langa ndi lolakwika. Ndagwirizanitsa zipembedzo. Alamu akudziwa zimenezi?

Zitini ziwiri zatsopano: Arabiya, Israyeli. Makwerero ali ndi masitepe khumi. Ndajambula kamakwerero kena pambali, kotsamira pa aakuluwo. INDIYA yakwera pamwamba, pa TCHAINA, pa MANGALANDE. Chabwino chake dzinalo n'lalifupi, lakwana bwino. Ndikuvomereza m'buku muno mokha kuti kufupikako kwathandizirako pa chigamulo.

Lachitatu, madzulo

Amake Tisa akhala pa mphasa, akuyang'ana zitini. Kenako:

"Makolo athu Angoni anali ndi ng'ombe zodzaza chigwa chonsechi. Azungu atabwera ndi mfuti anazitenga. Kumenekonso n'kusintha dziko. Pa zimenezo muwapatsa njere zingati, bambo a Tisa?"

Chisangalalo chaphwa pang'ono. Nkhani ya ng'ombezo apongozi anga ankaikamba osaseka, ndipo ine ndakhala masiku atatu ndikupereka mphoto ngati pa mpikisano wa kwaya.

Ndaganiza: zoipa nazo zilembedwe, koma ndi mtedza wovunda. Ndakhuthula thumba lonse n'kuyamba kusankha, wabwino uku, wovunda ndi wofota uko. Amake Tisa andibweretsera lichero, nkhope ili mwee. Ntchito yosankha mbewu akhala akundipempha kuyambira Okutobala.

Wovunda wapita kwa:

- Mangalande, ng'ombe ndi malo
- Jeremani, nkhondo ziwiri
- Arabiya ndi Apwitikizi, ukapolo (Apwitikizi alibe chitini, ndawaika m'kapu)
- Amereka, ukapolo womwewo ndi bomba lija anaponya ku Japani
- Falansa, Itale, Japani, aliyense ndi zake

Mtedza wovunda watha zoipa zisanathe.

Ndipo sindikudziwa ngati wovundawo ndiziphatikiza kapena kuchotsera. Ndikaphatikiza, Mangalande ibwerera pamwamba. Ndikachotsera, igwa pa makwerero n'kukafika m'ngalande.

Lachinayi, m'mawa

Ndadzuka ndi mphamvu zatsopano. Ndaganiza zophatikiza, poti kusintha ndi kusintha, ndipo ndizilemba mayiko a mtedza wovunda wambiri ndi kadontho kakuda pambali. Nzeru yanga ndekha imeneyi. Ndatsala pang'ono kudziombera m'manja.

Ndikumanga zitini pa kaliyala pamene mayi Daka afika. Ndi alangizi a zaulimi, abwera kudzaona mbewu ya amake Tisa. Aona zitini. Afunsa. Ndafotokoza monyadira, mwina motalikitsa. Ayamba kuseka mpaka akhala pansi pa sitepe.

"Ndiye chitini cha eni ake a mtedzawu chili kuti?"

Ndati eni ake ndi amake Tisa.

Ayi. Akuti mtedza kwawo ndi ku South America, cha ku Boliviya ndi mayiko oyandikana nayo. Unabwera kuno pa zombo za Apwitikizi. Chalimbana! Mtedza womwe ife a Chipata timadzitama nawo dziko lonse la Zambia! Sanalekere pomwepo, akuwerenga ndi zala:

- chimanga, ku Mekisiko
- chinangwa, cha ku Brazil
- mbatata, tomato, maungu, nyemba, tsabola, fodya, zonse za tsidya lomwelo

Ndafunsa kuti nanga makolo athu ankadya chiyani. Akuti mapira ndi mawere.

Ndayang'ana pakhonde. Masiku anayi ndakhala ndikuyeza ukulu wa Mangalande ndi Tchaina pogwiritsa ntchito katundu wa anthu omwe sindinawapatse ngakhale chitini. Njere iliyonse m'chitini chilichonse ndi yawo. Ndaseka mpaka misozi, kenako ndasiya kuseka, kenako ndayambanso.

Wa kabaza uja ananena zoona za Brazil, kungoti pa chifukwa cholakwika.

Lachinayi, masana

Munthu akhoza kukhala osaona ndege, osalankhula Chingerezi, osadziwa ziro. Koma muno mu Chipata ndani angathe sabata osadya chimanga? Nkhani yatha. MEKISIKO, nambala wani, penti yobiriwira, pamwamba pa INDIYA, pa TCHAINA, pa MANGALANDE. Sitepeyo tsopano yatupa, ukaikhudza ikubonyoka.

Ndimaganiza kuti anthu andinyamula pamapewa.

Mdala wina wa chipewa cha mlaza: "Agogo anga anadya chimanga. Agogo awo anadya chimanga. Mekisiko ameneyo anali kuti pamene tinkalima?"

Mayi wa dengu: "Mwatilanda ng'ombe, manje mufuna kutilanda na chimanga?" Sindinalande ng'ombe ine.

Wa kabaza: "Mekisiko sinawinepo na kapu ya bola ya dziko lonse."

Mayi Zulu atha mabeseni atatu a vitumbuwa tsiku lisanapendeke. Akuti ndisafulumire kumaliza. Kwabweranso wogulitsa munkoyo, thobwa la kuno, ndi zigubu ziwiri, ndi wina wa chimanga chootcha, yemwe akukuwa kuti chake ndi cha ku Chipangali, osati cha ku Mekisiko.

A Sakala abweranso ndi ambulera ija. Mphunzitsi wina wa sayansi watuluka m'kalasi kudzanena kuti Jeremani ndikuipondereza. Munthu wina yemwe sindikumudziwa akuti South Africa ikhale pamwamba, poti popanda iyo kukanakhala kulibe Angoni, ndipo popanda Angoni kukanakhala kulibe iyeyo.

Aliyense akutchula dzina langa. Akulitchula mokwiya, koma akuliwerenga pakhoma, pambali pa liwu lija. Ndikupalasa njinga kubwerera kunyumba ndikuimba.

Lachisanu, m'mawa

Alamu andiitanitsa ku ofesi. Sanandipatse mpando.

Choyamba, ana sakuphunzira, onse maso ali pawindo. Chachiwiri, dzulo anthu awiri anagwirana m'makolala chifukwa cha Girisi. Chachitatu, mawa kukubwera alendo a ku boma. "Akafunsa kuti Zambia ili pati, ndiwayankha chiyani, alamu?"

Zambia! Ndinaiwala dziko langa lomwe. Ndaganiza msangamsanga, ndipo yankho labwera lokha: kopa, mkuwa wa m'migodi yathu. Waya wa magetsi, foni, galimoto, zonse zili ndi kopa mkati, ndipo wathu wakhala akupita kunja kuyambira agogo ali anyamata. Ena anatulukira zinthu, ife tinazilumikiza. Ndawauza alamu kuti ndikhoza kujambula Zambia ngati waya wozungulira makwerero onse. Maso anga akuwala, ndikudzimva ndekha.

Iwo ati: "Tiyeni mukaone chinthu china."

Lachisanu, masana

Anditengera kuseri kwa khoma. Sitinafike n'komwe, mphuno yandiuza kale. Anthu makumi angapo, masiku atatu, kuima padzuwa ndi kumwa munkoyo. Pa siteji palibe chimbudzi. Pali khoma langa.

Titazungulira kutsogolo tapeza chinanso. Dzuwa lawomba sitepe ya pamwamba, ndipo penti yosanjikizana kanayi, yosauma ndi kamodzi komwe, yayamba kutsetsereka ngati phala. MEKISIKO yatsikira pa nambala thuu, yatenga INDIYA, mchira wa TCHAINA ukuonekera pakati, pinki wa Mangalande akudontha mpaka pa Igupto. Anthu akuombera m'manja. Wina akuti ndi chizindikiro.

Alamu: "Laimu ali mu sitolo. Pofika folo koloko ndione khoma loyera."

Ndawauza kuti laimu sagwira bwino pa penti ya mafuta. Ati agwire mpaka mawa madzulo basi, za mtsogolo adzaziona mtsogolo. Atayenda pang'ono atembenuka.

"Ndipo mukatha mulembepo zija. Mukuzidziwa."

Ndikuzidziwa.

Lachisanu, madzulo

Ndapala phala lija ndi mpeni. Ndapaka laimu kuyambira pamwamba. Mekisiko yapita, kamakwerero ka a Sakala ndi a Yusufu kapita, Japani yapita popanda woikanganira n'komwe. WOGANIZA ndamusiyira kumapeto. Ndinaima kaye pang'ono. Kenako bulashi katatu, basi.

OSAKODZA PANO, zilembo zazikulu zabuluu, cha m'munsi pomwe maso a munthu woima pakhoma amagwera. Mphindi zisanu ndi ziwiri, popanda rula, popanda choko. Dzanja limangopita lokha. Zilembo zokongola kuposa zonse zomwe ndalemba sabata ino, ndipo zimenezi ndi zomwe zandipweteka.

Kunyumba amake Tisa andilandira. Andiwotchera mbatata. Ndatsala pang'ono kuwauza kwawo kwa mbatata, ndadzigwira.

Loweruka

Tsiku la makolo. Suti ya Mngelezi, nsapato za ku Tchaina zokhala ndi madontho a mayiko anayi. Sindimafuna kupita. Amake Tisa ati: "Mwapaka khoma, simunabe mbuzi. Valani."

Khoma lili mbuu. Koma pa siteji anthu alipobe, ndipo akukanganabe. Akuloza pa laimu poyera. "Apa ndiye panali Indiya." "Awe, Indiya inali pamwamba, apa panali Jeremani." Mdala wa chipewa cha mlaza wabwera ndi chitsononkho cha chimanga cha makolo, chamawangamawanga, kudzandionetsa kuti ichi sichingakhale cha mlendo. Ndachilandira ndi manja awiri. Mayi wina wandikoka jekete n'kunong'oneza: "Nanga inuyo panokha, zoona zake, woyamba ndani?" Ndati sindikudziwa. Sabata yapitayi ndikanayankha mosaphethira.

Kwaya, magule a ana, zolankhula zazitali. Za khoma palibe watchula. Ine ndakhala kumbuyo pafupi ndi thanki ya madzi.

Pa nthawi ya zakumwa alamu akudutsa ndi alendo a ku boma. Afika pa ine. Ndakonzeka kale, manja ndawaika poonekera kuti asavutike.

"Awa ndi alamu anga," atero, n'kupuma mozama. "Mutu wawo watisowetsa mtendere sabata yonse."

Alendo aseka. Alamu sanaseke. Apitirira.

Mutu. Atchula mutu. Sanautame, ndikudziwa, sindine mwana. Koma zaka makumi awiri ndi zinayi, lero ndi koyamba kuvomereza kuti ulipo. Ndamwa fanta wanga pang'onopang'ono. Pobwerera ndaphonya njira ya kunyumba chifukwa chomwetulira.

Lamulungu

Kutchalitchi a Sakala andipatsa moni wa nsonga za zala. Ulaliki uli pakati, denga layamba kulira. Mvula yoyamba, yamphamvu, ya fungo la dothi.

Titafika kunyumba amake Tisa sanavule n'komwe za kutchalitchi. Atenga zitini chimodzichimodzi n'kukhuthulira m'thumba. Mangalande, Tchaina, Indiya, Arabiya, kapu ya Apwitikizi, zonse pamodzi. Wovunda apatsa nkhuku. Zidutswa zomwe ndinaswa ndi lumo aziika pambali, akuti zimenezo tikambirana. Mawa tikupita ku Madzimoyo kukadzala, ndipo khasu langa aliika kale pakhomo.

Mvula itakata ndapalasa njinga kukatenga ndowa yomwe ndinaiwala kusukulu.

Ndinawauza alamu za laimu. Wanyowa, wakokoloka, wotsalayo akuonekera mkati. Mayiko sakuwerengeka, pangotsala chithaphwi cha mitundumitundu pomwe panali makwerero. Zomwe zikuwerengeka kuchokera kumsewu ndi ziwiri zokha, zabuluu za Lachisanu ndi zakuda za Lolemba zomwe ndinapaka kawiri kuti zikhazikike:

OSAKODZA PANO
WOGANIZA: dzina langa, lonse, ndi la bambo anga lomwe.

Ndaima pamenepo ndi ndowa m'manja. Penti yakuda yotsala ilipo kunyumba, bulashi katatu zikhoza kutha. Mayi Zulu akudutsa ndi ambulera, awerenga, agwedeza mutu. "Apa pokha ndiye mwaganiza bwino. Palibe angatsutse."

Ndalisiya. Liwu ndinkalifuna lija lili pakhoma, ndipo penti ya mafuta sichoka msanga.

Ndikukwera njinga, ndaona bambo wina watsika minibasi, wawerenga mizere yonse iwiri mofatsa, wayang'ana uku ndi uku, n'kuzungulira kuseri. Wotsutsa sasowa.